Khansa ya M'mawere Sidikira Kutha kwa Mwezi

Pa nthenda zonse zimene zimagwira anthu aakazi pali ina imene ambiri m'dziko muno sakonda kuitchula poyera, ngakhale kuti imagwira chiwalo chimene tonsefe tinaleredwa nacho. Nthenda imeneyi ndi khansa ya m'mawere. Lero tifuna kuti awerengi athu, makamaka aphunzitsi ndi anthu ogwira ntchito m'Boma, amene mau awo amamveka m'mabanja ndi m'midzi, aimvetse bwino nkhani yake. Pakuti pa nthenda imeneyi chimene chimalekanitsa wochira ndi womwalira kawirikawiri ndicho kutalika kwa nthawi imene ipita kuyambira tsiku limene mayi waona chachilendo m'bere mwake kufikira tsiku limene ayamba kulandira chithandizo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la World Health Organization, linalengeza kuti m'chaka cha 2022 akazi okwana 2.3 miliyoni anapezeka ndi nthendayi, ndipo okwana 670,000 anamwalira nayo. Palibe dziko limene ilibemo. Koma chodabwitsa nchakuti siipha mofanana. M'maiko olemera, pa akazi 100 alionse opezeka ndi khansa ya m'mawere, opitirira 90 amakhala akali ndi moyo patapita zaka zisanu. Ku India amatsala 66, ndipo ku South Africa 40 okha. Nthenda ndi yomweyo, matupi ndi omwewo, koma mapeto ndi osiyana.

Kusiyana kumeneku kunaonekera bwino koposa m'kafukufuku amene anafalitsidwa m'chaka cha 2020, pamene akatswiri analondola akazi opitirira 2,000 odwala nthendayi ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi kwa anansi athu ku Zambia. Patapita zaka zitatu, theka la akaziwo linali litamwalira. Ku Namibia, m'dziko limodzi lomwelo, pa akazi achizungu 100 alionse, 90 anali moyo, pamene pa akazi akuda anatsala 56. Akatswiriwo anapeza kuti zifukwa zazikulu zinali ziwiri: kufika kuchipatala nthenda itakula kale, ndi kusalandira chithandizo chonse kufikira kumapeto. Kwathu kuno, pamene khansa ya khomo la chiberekero ndiyo iri patsogolo, ya m'mawere iri pakati pa zimene zimatsatira pafupi, ndipo madotolo a ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe ndi a ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre akhala akunena zomwezo, kuti amayi ambiri amawafikira nthenda itapita kale patali.

Chotupa chosapweteka

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo tating'onoting'ono totchedwa maselo, timene timabadwa, kukalamba ndi kufa mwa dongosolo lake. Khansa imayamba pamene maselo ena asiya kumvera dongosololo nayamba kuswana kosalekeza. M'bere amayamba kawirikawiri m'timipita todzera mkaka kapena m'timatumba topanga mkakawo. Poyamba amakhala malo amodzi, kambulu kakang'ono ngati nyemba. Kenaka amafika ku mwanabere wa m'khwapa. Akachoka pamenepo amayenda ndi magazi kukafika ku mafupa, ku mapapo, ku chiwindi ngakhale ku ubongo. Madotolo amawerenga ulendo umenewu m'magawo anayi. Pa gawo loyamba ndi lachiwiri nthenda imachizika mwa odwala ambiri. Pa gawo lachitatu nkhondo imakhala yaikulu, koma ena amapulumuka ndithu. Pa gawo lachinayi ntchito ya dotolo imakhala yotalikitsa moyo ndi kuchepetsa ululu.

Tsono msampha wake uli apa: chotupa cha khansa chikamayamba, kawirikawiri sichipweteka. Ife tinazolowera kuti matenda ndi amene amagoneka munthu pamphasa. Malungo amanjenjemeretsa, chifuwa chimatsokomoletsa, dzino silimgonetsa mwini wake. Koma mayi wa kambulu m'bere amadzuka m'mawa, kusesa, kuphika, kukaphunzitsa ana m'kalasi, kubwerako ali bwino. Akakakhudza posamba amadziuza kuti kadzaphwa kokha. Ngati ali pa ntchito amati adzapita akalandira malipiro, kapena sukulu zikatsekera, kapena mayeso akatha. Miyezi itatu isanduka isanu ndi umodzi, ndipo pamene ululu uyamba, nthenda imakhala itasamuka kale.

Zizindikiro zimene munthu ayenera kuthamangira nazo kuchipatala si zovuta kuzisunga m'mutu. Chachikulu ndi chotupa kapena malo olimba m'bere kapena m'khwapa amene kale kunalibe. Bere limodzi likasintha kukula kapena maonekedwe ake, khungu likakwinyika, likalowa m'kati ngati lakokedwa, kapena likachita timaenje ngati khungu la lalanje, zimenezonso ndi zofunika kuonetsa. Chimodzimodzinso nsonga ya bere ikabwerera m'kati, ikachita zilonda zosapola, kapena ikamatulutsa madzi achilendo, makamaka osakanizika ndi magazi. Tinene pano motsindika, kuti tichotse mantha osafunika, kuti zotupa zambiri za m'mawere si khansa ai. Pafupifupi zisanu ndi zinayi mwa khumi zimapezeka kuti ndi zina zosaopsa. Koma palibe munthu, ngakhale dotolo wamkulu, amene angatsimikize zimenezo ndi maso okha ali pakhonde. Mayi woyamwitsa achenjere koposa, pakuti chotupa cha khansa chimatha kubisala kuseri kwa dzina la chithupsa cha mkaka. Chithupsa chikalandira mankhwala chimapola. Chimene sichikupola chikaonedwenso msanga.

Makina ndi manja

Awerengi amene amatsata nkhani za kunja anamvapo za makina ounikira mawere ndi cheza cha X-ray, chithunzi chake nchimene amachitcha mammogram. Makina amenewa amaona chotupa chisanafike poti zala nkuchimva. Kuyesa koyamba kwakukulu kunayamba ku New York m'chaka cha 1963 pa akazi pafupifupi 62,000, ndipo kunaonetsa kuti akazi oitanidwa kukaunikidwa ankafa ochepa poyerekeza ndi anzao osaitanidwa. Ku Sweden anapezanso zomwezo, ndipo m'chaka cha 1988 Boma la Britain linayamba kuitana akazi a zaka 50 kufikira 64 kukaunikidwa kamodzi pa zaka zitatu zirizonse.

Ena pakati pathu akamva zimenezi amafulumira kunena kuti mankhwala a vuto lathu ndi kugula makina ambiri. Ife tikuona kuti maganizo amenewa, ngakhale ali ochokera mu mtima wabwino, akuyambira kumchira. Makinawo ndi odula, amafuna magetsi osazima ndi amisiri owakonza, ndiponso chithunzi chirichonse chimafuna dotolo wophunzira kuchiwerenga, amene m'dziko muno ndi owerengeka. Kuonjezera apo, mawere a akazi achichepere ndi olimba m'kati mwake kotero kuti chithunzi sichioneka bwino, pamene odwala athu ambiri amapezeka asanakalambe. Ndipo chachikulu kuposa zonse: kuunika khamu la akazi amene sakumva kanthu kuli ndi phindu lochepa ngati mayi amene ali kale ndi chotupa chogwirika ndi dzanja akutha miyezi asanadziwe chimene chikumudya. Nchifukwa chake World Health Organization imalangiza maiko a chuma chochepa kuti ayambe ndi kupeza msanga nthenda mwa amene ali ndi zizindikiro. Amene ali ndi mwayi wokajambulitsa mammogram m'mizinda yathu, makamaka atafika zaka 50 kapena ngati dotolo wawalangiza, achite zimenezo ndithu. Koma dziko lonse silingadikire makina.

Nanga manja angathe chiyani? Pa funso limeneli pali maphunziro awiri ochokera ku Asia amene mphunzitsi aliyense ayenera kuwadziwa, chifukwa limodzi likuchenjeza ndipo linalo likulimbitsa mtima.

Ku Shanghai, m'dziko la China, akatswiri anatenga akazi opitirira 266,000 ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu. Theka analiphunzitsa mwakhama kudzipima lokha mawere, theka linalo ai. Zotsatira zitatuluka m'chaka cha 2002, imfa za khansa ya m'mawere zinali zofanana m'magulu onse awiri. Akazi ophunzitsidwawo anapeza zotupa zambiri, koma zochulukazo zinali zosaopsa. Phunziro lake silakuti mayi asamadzikhudze ai, pakuti kuno kwathu pafupifupi chotupa chirichonse chimapezeka ndi mwini wake. Phunziro nlakuti kudzipima pakokha si chitetezo chokwanira, ndipo amene amathera ulaliki wao pa mau akuti "muzidzipima mwezi ndi mwezi" anena theka lokha la nkhani.

Ku Mumbai, m'dziko la India, anayesa njira ina. Kuyambira m'chaka cha 1998, madotolo a ku Tata Memorial analondola akazi 151,538 a m'makomboni osauka kwa zaka 20. Anatenga akazi wamba amene anaphunzirako sukulu pang'ono, nawaphunzitsa kupima mawere ndi manja mwa luso, ndipo iwo ankapima theka la akaziwo kamodzi pa zaka ziwiri, maulendo anayi. Aliyense wopezeka ndi chokayikitsa ankatumizidwa kwa dotolo. Zotsatira zinafalitsidwa m'chaka cha 2021. Pakati pa opimidwa, odwala opezeka nthenda itafika pa gawo lachitatu kapena lachinayi anali 37 pa 100 alionse, pamene pakati pa osapimidwa anali 47. Ndipo kwa akazi a zaka 50 ndi kupitirira, imfa zinachepa ndi pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu. Zonsezi zinachitika popanda makina, koma ndi zala zophunzitsidwa, kaundula wosungidwa bwino, ndi chipatala chokonzeka kulandira wotumizidwa.

Njira imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Ku Lilongwe anaiyesapo pa mlingo wochepa, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa m'chaka cha 2016: amayi anayi amene sanali anamwino anaphunzitsidwa kupima mawere, napima akazi 1,000 amene anabwera kuzipatala pa zifukwa zina. Ambiri mwa opemphedwa anavomera kupimidwa. Izi zikutsutsa bodza lija lakuti amayi a ku Malawi amakana zotere chifukwa cha manyazi. Akafotokozeredwa mwaulemu ndi mkazi mnzao, amavomera.

Masiku 60

M'chaka cha 2021 World Health Organization inakhazikitsa ntchito yolimbana ndi khansa ya m'mawere pa dziko lonse, niika zolinga zitatu: kuti odwala osachepera 60 pa 100 alionse azipezeka nthenda ikali pa gawo loyamba kapena lachiwiri, kuti kuyambira tsiku limene mayi wafika koyamba kuchipatala, mayeso onse azitha pasanapite masiku 60, ndi kuti odwala osachepera 80 pa 100 alionse azimaliza chithandizo chonse. Bungweli likuwerengera kuti imfa zikamatsika ndi 2.5 pa 100 chaka chirichonse, miyoyo 2.5 miliyoni idzapulumuka pofika chaka cha 2040.

Pa zolinga zitatuzi ife tifuna kuimirira pa chachiwiri, cha masiku 60, chifukwa ndicho chimene sichikambidwa pa misonkhano, komanso ndicho chimene munthu wophunzira angathandizepo ndi manja ake. Taganizirani ulendo wa mayi wa kumudzi. Ayamba wauza mwamuna wake kapena apongozi, ngati walimba mtima. Mwina apita kaye kwa sing'anga, amene amutemera mphini pa chotupacho, kapena kumapemphero. Akafika pa chipatala chaching'ono, nthawi zina amapatsidwa mankhwala a chithupsa nauzidwa kubwerera kwao. Akabweranso amalandira kalata yopita ku chipatala cha pa boma, ndipo kuchoka kumeneko ina yopita ku chipatala chachikulu, ku Mzuzu, Lilongwe, Zomba kapena Blantyre. Kumeneko dotolo amachotsa kanyama kochepa m'chotupacho ndi singano, nakatumiza ku labotale kuti kakaonedwe pa makina okuza zinthu, pakuti iyi ndiyo njira yokhayo yotsimikizira kuti ndi khansa. Ku Kamuzu Central Hospital labotale yotere inayamba ntchito m'chaka cha 2011, ndipo inafupikitsa njira kwa anthu a m'chigawo cha pakati. Komabe ulendo uliwonse ufuna ndalama ya basi, munthu wosiyira ana, ndi womudikirira kuchipatala. Pa khomo lirilonse la ulendowu amayi ena amabwerera, osaonekanso kufikira bere litaphulika chilonda.

Apa ndipo pali ntchito ya mphunzitsi ndi kalaliki. Pafupifupi banja lirilonse m'dziko muno liri ndi munthu wake mmodzi wa pa ntchito amene abale amathamangirako pakagwa vuto. Munthu ameneyu kawirikawiri amamva za nthenda ya mlongo wake kapena ya mayi ake aang'ono ikafika poti nkufuna galimoto yonyamula wodwala. Bwenzi ziri bwino akadamva poyamba, ndalama ya basi yokha ikali yokwanira kupulumutsa moyo. Iye amatha kuwerenga zimene zalembedwa m'kabuku ka kuchipatala; amadziwa kufunsa mwaulemu kuti, "Zotsatira zidzatuluka liti, ndipo tikazitenge kwa yani?", sachita mantha kubwereranso kwa dotolo ngati mankhwala sanathandize. Alembe tsiku loyamba lija pa kalendala, nawerenge masiku. Mwezi wachiwiri ukamatha yankho lisanabwere, apite kukafunsa. Kufunsa kotere si mwano, pakuti nawonso achipatala, pokhala ochepa pakati pa khamu la odwala, amathandizika wodwala akakhala ndi womulondolera.

Ndiponso akuluakulu a maofesi ndi aphunzitsi aakulu akumbukire kuti pansi pao pali akazi ambiri a msinkhu umene nthendayi imakonda. Mayi akapempha tsiku lopita kuchipatala, asafunsidwe mafunso oti achite nawo manyazi pamaso pa anzake. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna, koma nthawi zina manyaziwo amadza chifukwa cha amene waima pakhomo pa unawo.

Mantha a mpeni

Tisabise: chimene amayi ambiri amaopa koposa imfa ndicho kuchotsedwa bere, ndipo kuseri kwa mantha amenewo kuli funso lakuti, "Kodi bambo a kunyumba adzandifunabe?" M'midzi mumamvekanso mau akuti khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imafalikira. Mau amenewa anabadwa chifukwa anthu anaona odwala ochitidwa opaleshoni mochedwa akumwalira posakhalitsa. Chinawapha si mpeni, koma nthenda imene inali itafalikira kale. Abambo amene akuwerenga tsamba lino adziwe kuti mau ao amalemera pa nkhaniyi kuposa a dotolo. Mayi amene mwamuna wake wamperekeza kuchipatala amavomera chithandizo mosavuta, ndipo amachimaliza.

Chithandizo chake chiri ndi mbali zingapo zimene zimathandizana. Pali opaleshoni, pali mankhwala amphamvu olowetsa m'mitsempha, otchedwa chemotherapy, amene amafooketsa thupi ndi kuthothola tsitsi, koma tsitsilo limameranso, pali kuwotcha maselo oipawo ndi cheza, kumene kumatchedwa radiotherapy, ndiponso pali mapilitsi monga tamoxifen, amene amamwedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu kapena kupitirira ndi amene khansa yao imakula ndi timadzi ta m'thupi la mkazi. Kale madotolo ankachotsa bere lonse pamodzi ndi minofu ya pachifuwa, monga anaphunzitsira William Halsted wa ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Koma m'zaka za m'ma 1980 Umberto Veronesi wa ku Italy ndi Bernard Fisher wa ku America anaonetsa kuti chotupa chikakhala chaching'ono, kuchotsa chotupa chokhacho nkutsatiza radiotherapy kumapulumutsa moyo mofanana ndi kuchotsa bere lonse. Chotero amene afuna kusunga bere lake ali ndi chifukwa chachikulu chofulumirira, pakuti mwayi umenewo umatha chotupa chikakula. Kwa zaka zambiri odwala a m'dziko muno ofuna radiotherapy ankayenera kupita kunja, ndipo ochepa okha ndiwo ankakafika. Koma m'chaka cha 2025 chipatala cha National Cancer Centre ku Lilongwe chinatsegulidwa chiri ndi makina a ntchito imeneyi.

Za chimene chimayambitsa nthendayi tinene mwachidule. Siyopatsirana, siyolodzedwa, ndipo siyamba chifukwa chosunga ndalama kapena foni pachifuwa, kapena chifukwa mwana anageyera pa bere. Pafupifupi theka la odwala alibe chifukwa china chooneka koma kukhala mkazi ndi kukula msinkhu, makamaka kupitirira zaka 40. Mowa, kunenepa kwambiri makamaka mayi atasiya kusamba, ndi kukhala osagwiritsa thupi ntchito zimaonjezera ngozi, ndipo anthu a m'maofesi aganizirepo bwino pamenepa. Kuyamwitsa nthawi yaitali kumachepetsako ngoziyo, koma sikuichotsa. Ochepa amatengera ku mtundu, kudzera kwa mayi kapena kwa bambo. Choncho amene mayi ake, mchemwali wake kapena azakhali ake anadwalapo khansa ya m'mawere auze achipatala ndi kuyamba kupimitsa msanga. Amuna nawonso imawagwira, ngakhale mwa apo ndi apo, pafupifupi mmodzi pa odwala 100 kapena 200, ndipo amachedwa koposa akazi chifukwa saganizira nkomwe kuti kambulu kuseri kwa nsonga ya bere kangakhale kanthu.

Mwezi wa October chaka ndi chaka timaona anthu ovala zofiirira akuyenda m'misewu ya m'mizinda ndi zikwangwani, mwambo umene unayambira ku America m'zaka za m'ma 1980. Nzabwino, ndipo ambiri anamva dzina la nthendayi koyamba pa maulendo amenewo. Koma chotupa chimene chaoneka mu February sichiyenera kudikira October. Kupimitsa kumatheka tsiku lirilonse la ntchito, ndipo m'zipatala za Boma salipiritsa. Mayi akapita ku sikelo ya mwana, kukatenga njira yolera, kukalandira mankhwala otalikitsa moyo, kapena kukapimitsa khomo la chiberekero, apemphe namwino kuti amupimenso mawere. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa: namwino amayamba wayang'ana mawere onse awiri mayi ali chikhalire manja atakweza, kenaka amamgoneka chagada nasisita ndi zala bere lonse kufikira m'khwapa. Nthawi yabwino kwa amene akali kusamba ndi patapita masiku ochepa msambo utatha, pamene mawere afewa. Pakapezeka kanthu, mayi apemphe kuti zilembedwe m'kabuku kake: bere lake ndi liti, chotupacho nchachikulu bwanji, tsiku limene chaonedwa, ndi tsiku limene ayenera kukaonekera kwa dotolo.